Chithai cha Ma Ohnmar

M'nyumba yathu ya zipinda makumi anayi, kuseri kwa msika wa nsomba ku Mahachai, m'dziko la Athai, simunakhalepo mkazi wolongolola ngati Ma Ohnmar. Ndikunena ine Daw Pwint, amene ndagulitsa mohinga, msuzi wa nsomba wa kwathu, pansi pa masitepe a nyumbayi kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Anafika kuchokera ku Hinthada, kwathu ku Myanmar, ali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zinayi, mwamuna wake Ko Thaung ali patsogolo ndi chikwama, iye ali pambuyo ndi mwana wa chaka chimodzi m'chiuno, dzina lake Yadana. Asanaone n'komwe chipinda chawo anali atandiuza kale kuti msuzi wanga wachepa tsabola, kuti mwamuna wake wasanza ulendo wonse, ndiponso kuti dalaivala amene anawatenga pa malire anali ndi mano atatu, awiri mwa iwo obwereka.

Ndinamukonda tsiku lomwelo, ngakhale za tsabolazo ananama.

Anapeza ntchito pa fakitale ya nsomba za m'zitini, kudula mitu ndi kutumbula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Azimayi a pa tebulo lake ankabwera madzulo nthiti zikuwawa. Ankatsanzira kayendedwe ka kapitawo iye atangotembenuka, ankapeka nyimbo zonyoza apongozi, ndipo nkhani za mizukwa ya kwawo ankazisimba mwakuti mtsikana wina anakana kupita yekha kuchimbudzi masana dzuwa likuswa mtengo. Mwana wakenso sankapuma. Ankamuimbira pomusambitsa, pomupaka m'masaya thanaka, ufa wachikasu wa khungwa la mtengo umene timadzola kwathu, pomudyetsa, ndipo kamwanako kankaseka kasanadziwe chimene kakuseka.

Koma kuno mwana akasiya kuyamwa amakwera basi. Aliyense amadziwa zimenezo. Amapita kwathu ku Myanmar kwa agogo ake, makolo n'kutsala kuno ndi nsomba. Nanenso ndinatero ndi anyamata anga awiri, ndinawatumiza ku Pyay wina ali ndi zaka ziwiri, wina ali ndi miyezi khumi. Lamlungu lina wamkuluyo anaimba foni Ohnmar ali pa benchi panga.

"Muli bwanji amayi?"

"Ndili bwino, mwanangu. Kaya inu kumeneko?"

"Tili bwino."

"Mvula ikugwa?"

"Ikugwa."

Kenako tonse awiri tinakhala duu, aliyense kudikira kuti mnzake adule. Foni itadulidwa, Ohnmar anandiyang'ana.

"Azakhali, ameneyo ndi mwana wanu kapena wolemba kalembera?"

"Ndi mwana wanga, ndipo wako adzakhala chimodzimodzi. Idya uzipita."

Pasanathe mwezi nkhani inafika pakhomo pake. Ko Thaung anaiyambitsa pa benchi panga pomwepo, mwina poganiza kuti pamaso pa anthu mkazi wake achita manyazi. Sankamudziwa bwino.

"Amayi aimbanso," anatero. "Akuti mwana abwere mvula isanayambe."

"Auzeni abereke wawo."

"Iwe, amayi anga amenewo."

"Ndiye inu pitani akakulereni. Uyu ndi wanga, sapita kulikonse."

"Nanga sukulu? Udzamulowetsa ya Athai iwe, wosadziwa ngakhale kupempha madzi? Kapena ukalipira dobadoba kuti azikulankhulira kwa aphunzitsi chaka ndi chaka?"

"Ndiphunzira."

Ko Thaung anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe kuphunzira Chithai? Chibama cha kwathu chomwechi sunamalize kuchilankhula!"

Tonse tinaseka, inenso ndinaseka. Athai ndakhala nawo theka la moyo wanga, koma chilankhulo chawo ndimachidziwa chogulira anyezi ndi chopepesera wapolisi basi, ndipo sindinaone vuto. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ndinkaona ngati naye ayesa milungu itatu n'kutopa, monga amachitira onse.

Sanatope. Lamlungu lililonse, tsiku lokhalo limene anthu amachapa ndi kupumitsa msana, iye ankapita ku kachisi kumene mphunzitsi wina wopuma pa ntchito ankaphunzitsa alendo kwaulere. Ankakhala pa benchi la ana mawondo ali m'chibwano, Yadana akugona pa mphasa pambali pake. Zilembo makumi anayi ndi zinayi zija anazilemba pa makatoni a zitini n'kuzimata khoma lonse la chipinda, mpaka Ko Thaung anadandaula kuti akugona m'kalasi. Poyenda mumsewu ankawerenga mokweza chikwangwani chilichonse, cha mankhwala a mano, cha maliro, cha nyumba yogulitsa. Amalonda a ku msika ankamuseka chifukwa mawu ake ankakwera pamene ayenera kutsika, iye n'kuseka nawo, n'kuwagwira mkono kuti abwereze mpaka amve. Panali tsiku limene anaimitsa wapolisi, munthu amene ife timamulambalala ngati galu wachiwewe, n'kumufunsa njira yopita ku msika umene anali ataima pakati pake.

Zinamutengera zaka zitatu. Yadana atakwanitsa zaka zinayi, Ohnmar anavala bwino, ananyamula chikalata cha kubadwa kwa mwana ndi mapepala ake a ntchito, n'kukalowa yekha mu ofesi ya sukulu ya boma popanda womulankhulira. Anatuluka mwana atalembedwa. Madzulo amenewo anaima pa masitepe n'kutisimbira zonse, akusintha mawu, uku ali mlembi wa magalasi pamphuno, uku ali iye mwini, ndipo nsanjika zonse zitatu zinatuluka kudzamvera. Ko Thaung anaimbira amayi ake n'kuwauza kuti mwana sabwera. Ndinamva nsanje, sindibisa. Ndinapita kuseri kukatsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mlungu woyamba wa sukulu, Yadana anabwera kunyumba atavala kabudula wa mwana wina, siketi yake ili m'pepala la pulasitiki. Anafuna kupita kuchimbudzi koma sanadziwe kunena, ndiye anadzikodzera kalasi yonse ikuona. Ana anzake anamuzungulira akuloza thanaka wa m'masaya mwake. Mphunzitsi wake, mayi wabwino ndithu, anamusambitsa yekha, ndipo Ohnmar atapita kukamutenga anamukokera pambali n'kumuuza mwaulemu kuti, "Mayi, inu mumalankhula Chithai bwino. Muzimulankhula Chithai kunyumba, apo ayi atsalira m'mbuyo." Anamupatsanso mwanayo dzina losavuta kwa anzake, Ploi.

Ohnmar anabwera kwa ine maso ali psu.

"Azakhali, ndamusunga kuno kuti azisekedwa? Kuyambira lero m'chipinda mwanga Chibama chatha. Kaya ndi ine, kaya ndi bambo ake, mwana akakhalapo ndi Chithai chokha."

Apa m'pamene ndinalakwa ine. Munthu wamkulu ndikanamuuza kuti adekhe, mwana wa zaka zinayi amatola chilankhulo pabwalo la sukulu ngati chimfine. M'malo mwake ndinamuwombera m'manja. Ndinati, "Wachita bwino, m'mera m'poyamba." Ndinkafuna kuti mmodzi mwa ife apambane, ndipo ndinkaona ngati kupambana n'kumeneko.

Ohnmar sankachita chinthu mwatheka. Ataona kuti m'nyumba yathu mwana akumvabe Chibama pa masitepe, kubafa ndi pa benchi panga, anasamutsa banja lake kutsidya la mtsinje, ku Tha Chalom, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye wa Chithai. Thanaka anasiya, iye ndi mwana yemwe. Pasanathe chaka Yadana anali akulankhula ngati wobadwira m'nyumba ya mayi wamasiyeyo, ndipo ukamupatsa moni m'Chibama ankangomwetulira mwaulemu.

Chimene sitinaganize n'chakuti Chithai cha Ohnmar chinali cha ku ofesi, ku chipatala ndi pa basi. Ankatha kufotokozera dokotala pamene pakupweteka, ankatha kudzaza fomu, ankatha kukangana ndi kapitawo za maola. Koma nthabwala analibe nazo m'chilankhulo chimenecho. Ndinamuona ndi maso anga tsiku lina nditapita kukawachezera. Anayamba kuuza mwana nkhani ya mbuzi imene inadya ndalama za amonke, nkhani imene ife inatigwetsa pansi ndi phwete, ndipo atafika pakati anaima kufunafuna mawu. Anayesa ena, sanakwane. Anayesa kulozera ndi manja. Mwana anadikira pang'ono mwaulemu n'kutembenukira ku wailesi yakanema ya mayi wamasiye uja. Ohnmar anati, "Chabwino, kasambe," ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ko Thaung ndiye anavutika koposa. Chithai chake chinali cha pa doko, mawu osapitirira makumi asanu, nyamula, tsitsa, fulumira, ndi ena osayenera kunena pamaso pa mwana. Ankabwera ku ntchito, n'kumusisita mwana kumutu, n'kukhala pakhomo akutafuna kun wake, masamba aja ofiiritsa mano. Akaiwala n'kulankhula Chibama, mkazi wake ankamuponyera diso. Yadana ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, bamboyo analowa ntchito ya m'maboti opita kutali, aja amatha miyezi inayi osaona mtunda. Anadutsa kwa ine potsazika.

"Bwanji Ko Thaung, ukathawa mwana ali wamng'ono chonchi?"

"Sindikuthawa, azakhali. Kunyanja ndimalankhulako."

Ohnmar ankawolokabe mtsinje m'mawa uliwonse popita ku fakitale, ndipo ankayamba waima pa benchi panga. Mphindi khumi zimenezo ankakhuthula zonse zimene anasunga dzulo lake, ngati munthu wotula ndowa pamutu. Ankaseketsa makasitomala anga mpaka ena ankabwera nthawi imeneyo dala. Ndinapirira zaka zingapo, koma tsiku lina pakamwa panandiyabwa.

"Iwe Ohnmar, mwana wako amadziwa kuti umaseketsa anthu?"

"Akadzakula ndidzamuuza zonse. Chibama sichithawa, chili pompano."

"Chibama sichithawa, koma mwana amathawa."

Anaika supuni pansi. "Wanga ndimagona naye chipinda chimodzi, azakhali. Ndi woyamba m'kalasi mwa ana a Athai eni ake. Nanga anu ali kuti? Kukugwabe mvula ku Pyay?"

Mawu amenewo anandilasa, ndipo iye anadziwa. Ndinamuuza kuti akadye kwina. Tinatha miyezi iwiri osalankhulana, iye akudutsa msewu wa kuseri, ine ndikunamizira kuti sindikumuona. Ndinkadziuza kuti walira mvula walira matope, azione yekha. Koma pa benchi panali zii, ndipo makasitomala ankandifunsa ngati wadwala.

Anabwera yekha kumayambiriro kwa Ogasiti, atanyamula bulauzi yatsopano yamtundu wa mtambo m'pepala. Za mkangano uja sanatchule, nanenso sindinatchule.

"Azakhali, Lachisanu mutseke. Ku sukulu kuli tsiku la amayi, ndipo chimangirizo cha Yadana chapambana sukulu yonse. Akachiwerenga pa chimkuzamawu. Walemba za ine! Bambo ake ali kunyanja, ndiye inu mukakhale agogo."

"Ine ndikamva chiyani kumeneko?"

"Ndizikakumasulirani. Ndinaphunziriranji nanga?"

Mwana anali ndi zaka khumi tsopano, m'kalasi yachinayi. Mwambo wa tsikulo Ohnmar anali ataupitako chaka ndi chaka, amayi kukhala pa mipando, ana kugwada n'kuweramira pa mapazi awo ndi maluwa oyera a jasimini. Koma chaka chino ankayenda ngati wapatsidwa fakitale yonse. Ananditsina khutu kuti ndisapake thanaka, ndipo ndinamvera, ine nkhalamba, kupita kwa anthu nkhope ili mbee.

Holo inadzaza ndi azimayi ovala zamtambo. Tinakhala mzere wachitatu. Ataitana dzina la Ploi, ndinayamba ndayang'ana uku ndi uku ndisanakumbuke kuti ndi Yadana wathu. Anakwera pa nsanja tsitsi lodulidwa m'makutu, malaya oyera owongoka, anaika manja pamodzi kupereka ulemu n'kuyamba kuwerenga ndi mawu omveka bwino. Ohnmar anaika pakamwa pake pa khutu langa.

"Akuti, mayi anga amagwira ntchito pa fakitale ya nsomba. Amaima tsiku lonse. Manja awo ndi ong'ambika chifukwa cha mchere ndi madzi oundana, koma malaya anga sanapiteko ku sukulu ali akuda." Anandigwedeza ndi chigongono. "Mukumva azakhali? Akuti sindinagonepo ndi njala."

"Ndikumva. Pitiriza."

"Akuti, mayi anga ndi munthu wosalankhula."

Ndinaganiza kuti wamasulira molakwa, kapena akuseka. Ndinamuyang'ana. Sankaseka. Mwana anapitiriza, ndipo Ohnmar anapitiriza naye, chifukwa anali atayamba kale ndipo sanadziwe poimira. Mawu ake okha ndi amene anauma.

"Akuti, amayi a anzanga amawauza nthano, amawaimbira, amawaseka. Mayi anga sadziwa nthano ndipo sadziwa nyimbo. Amandifunsa ngati ndalemba ntchito ya ku sukulu, ndikayankha amagwedeza mutu. Sindidziwa mmene kwawo kulili, kapena zimene ankachita ali mwana, ndipo sindiwafunsa chifukwa kulankhula kumawatopetsa. Ndili wamng'ono ndinkaganiza kuti mwina sakondwa nane. Koma aphunzitsi anandiuza kuti pali anthu amene amakonda ndi manja, osati ndi pakamwa. Tsopano ndimawamvetsa. Ndikadzakula ndidzawamangira nyumba ya phee, kopanda wowavutitsa ndi nkhani."

Holo yonse inawomba m'manja. Aphunzitsi ankapukuta misozi, mayi wina wa kutsogolo kwathu anatembenuka n'kumugwira Ohnmar dzanja, akumuuza kuti walera bwino. Mwanayo sananene bodza, ndipo sanalembe kuti apweteke munthu. Analemba mwachikondi zimene anaona kwa zaka zisanu ndi chimodzi. N'chifukwa chake zinandiwawa mpaka m'mafupa, ndipo ndinakwiyira aliyense, mphunzitsi wa kabudula uja, Ko Thaung ndi boti lake, dziko lino limene limatidya manja n'kutilanda ana, ndi ine ndemwe wowomba m'manja.

Itafika nthawi ya mipando, Ohnmar anakwera ndi anzake. Yadana anayenda ndi mawondo, anapereka maluwa, n'kuika chipumi pa mapazi a mayi ake. Azimayi a mbali zonse anawerama akunong'oneza ana awo zinthu zambirimbiri, ena akuseka, ena akulira. Ohnmar anaika dzanja pamutu pa mwana n'kunena dalitso lalifupi limene analoweza m'buku chaka choyamba, lija loti ukhale mwana wabwino, ulimbikire sukulu.

Pobwerera ndinawaperekeza kwawo kutsidya, tinakwera boti lowolotsa anthu. Linali ndi anthu ochepa, ndi njinga zamoto ziwiri. Yadana anakhala pakati pathu atagwira satifiketi yake ndi manja awiri kuti isanyowe. Tili pakati pa mtsinje, Ohnmar anatembenukira kwa mwana wake n'kuswa lamulo lake lomwe. Anayamba kulankhula Chibama, mokweza, mothamanga, monga amachitira pa benchi panga.

"Iwe, ukuti sindidziwa nthano? Ine? Mvera tsono. Agogo ako aamuna anali ndi njati imene inkadana ndi anthu ovala nsapato. Tsiku lina kunabwera mkulu wa boma kudzayeza minda, nsapato zake zikuwala, cholembera chili m'thumba. Njati ija inangomuyang'ana m'mapazi. Ine ndinali pamsana pake, ndili ngati iweyo, ndinamuuza kuti bwana vulani, iye akuti mwana wopanda mwambo. Anakwera mtengo wa mgwalangwa ndi nsapato zomwezo, munthu wa mimba ngati mtsuko, ndipo anakhala m'mwambamo mpaka madzulo akutiyeza minda ndi maso!"

Ankachita zonse, nkhope ya njati, miyendo ya bwana, misozi ikutsika n'kumalowa m'kamwa. Ine ndinaseka. Sindinafune, koma ndinaseka, chifukwa mkazi ameneyo akayamba palibe amene angadzigwire. Mwini njinga yamoto anatembenuka kutiyang'ana.

Yadana sanaseke. Anayang'ana mayi ake ngati munthu amene wamupeza m'chipinda mwake osagogoda. Sanawaonepo akukweza mawu chotero, manja ali m'mwamba, nkhope itanyowa. Anandigwira mkono n'kundifunsa m'Chithai, pang'onopang'ono kuti ndimve.

"Agogo, amayi akuti chiyani? Ndalakwitsa china?"

Ndinatsegula pakamwa. Njati sindidziwa kuitchula m'Chithai, mgwalangwa sindidziwa, ndipo ngakhale ndikanadziwa, si zimene mayi ake ankanena. Ndinayang'ana Ohnmar. Nkhani inali isanathe, manja ake anali adakali m'mwamba pamene bwana uja anakakamira mtengo. Anawatsitsa, anapukuta nkhope ndi mkono wa bulauzi yatsopano ija, n'kuyankha m'Chithai chake choyera cha ku ofesi.

"Sunalakwe. Walemba bwino."

Mwanayo anakhulupirira. Mtima wake unakhala pansi, anamwetulira, n'kubwerera ku satifiketi yake. Ndipo mayi ake, monga mmene mwana analembera, sanalankhulenso mpaka tinafika kutsidya.